Ahedi ayankhe za ana onse, osati anzeru okha

Bungwe la MANEB likangotulutsa zotsatira za mayeso a MSCE, mkangano wake umakhala womwewo chaka ndi chaka muno mu Mzuzu. Umayambira pa wailesi, n'kufika m'maminibasi a ku Ekwendeni, pamsika wa Zigwagwa ndi m'magulu a WhatsApp a makolo. Mndandanda wa sukulu zimene zakhoza bwino ndi zimene zatsalira kumchira ukawerengedwa, anthu amagawikana pawiri. Ena amati ahedi a sukulu zakumchirazo achotsedwe basi. Ena, makamaka aphunzitsi, amati tisawasenzetse ahedi mtolo wa boma, chifukwa palibe angakhozetse ana popanda mabuku, labu ndi aphunzitsi okwanira. Ine ndaima ndi amene akuti ahedi ayankhepo. Mphunzitsi wamkulu ndiye munthu mmodzi pasukulu amene zochita zake zimakhudza mwana aliyense, ndipo mphamvu yakeyo imaoneka kwambiri pasukulu yosauka kuposa yolemera. Pamene ndikusiyana ndi anzanga a mbali yangayi ndi pa sikelo imene akufuna kuwayezera. Ahedi afunsidwe za ana onse amene anawalandira pageti, osati za ochepa amene apeza mapointi okoma. Ndipo ngati tikufunadi chilungamo pa maphunziro, ahedi odziwa ntchito azitumizidwa kusukulu zovutika, m'malo mopatsidwa sukulu zogonera ngati mphotho.

Tiyambe ndi mmene kusiyana kwa sukulu kumabadwira, chifukwa tikapanda kumvetsa izi tiweruza anthu molakwa. Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi kupulayimale mu 1994, ana olembetsa sukulu anachoka pa pafupifupi 2 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'kanthawi kochepa. Sekondale sizinakule pa liwiro lomwelo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, malo a maphunziro a patali amene tinkawatcha ma MCDE anasandutsidwa sekondale zoyendera za m'madera, ma CDSS, ndipo lero ana ambiri a sekondale za boma ali m'menemo. Kasankhidwe kake tonse tikukadziwa: amene akhoza kwambiri mayeso a Sitandade 8 a PSLCE amapita kusukulu za dziko lonse monga Mzuzu Government kapena zamishoni monga Marymount, otsatira amapita ku sekondale zina za boma, ndipo CDSS imalandira amene atsala. Ndiye kuti mwana wa ku Mchengautuba kapena ku Masasa amene wasankhidwira ku CDSS yapafupi ndi kwawo amayamba Fomu 1 ali kale kumbuyo, kawirikawiri akuchokera m'nyumba imene ndiwo zimadalira geni ya tsiku limenelo. Kumpoto kuno tinatha zaka zambiri tikulimbana ndi kota, njira yosankha ophunzira potengera boma limene akuchokera, mpaka boma linalengeza mu 2020 kuti yathetsedwa. Nkhondoyo inali ndi zifukwa zake. Koma inatiphimba m'maso kuti tisaone kusiyana kumene kuli mkati mwa mzinda wathu womwewu, pakati pa sukulu ziwiri zimene wakabaza angakuchotseni pa ina n'kukutulani pa inzake m'mphindi zochepa.

Otsutsa amayambira pomwepo, ndipo mfundo yawo yoyamba ndi yolemera. Amati: mwavomera nokha kuti CDSS imalandira ana ofooka, zambiri zilibe labu, laibulale yake ndi kabati imodzi mu ofesi ya ahedi, aphunzitsi a sayansi ndi owerengeka, nanga ahedi achite chozizwitsa chanji? Sindikana chilichonse mwa izi, ndipo amene amayerekeza ahedi a CDSS ndi ahedi a sukulu yogonera pa mapointi okha sakuchita chilungamo. Komabe mfundoyi imalephera kuyankha chinthu chimene kholo lililonse la mu Mzuzu limadziwa. Sukulu ziwiri za mtundu umodzi, zolandira ana ofanana, zosowa mabuku mofanana, zimatha kusiyana kutali pa zotsatira. Sukulu imodzi yomweyo imatha kudzuka kapena kugwa m'zaka zitatu popanda njerwa imodzi kuwonjezeka, chosintha chokha ali munthu wa mu ofesi. N'chifukwa chake makolo akafuna kusamutsa mwana safunsa kuti pasukulupo pali madesiki angati. Amafunsa kuti, “Pali ahedi ndani masiku ano?” Umphawi ungafotokoze chifukwa chimene CDSS sifikira pa sukulu yogonera, koma sungafotokoze chifukwa chimene CDSS ina imaposera CDSS inzake.

Chuma chachikulu chimene ahedi ali nacho m'manja sichichokera ku Capital Hill. Ndi nthawi. Tiyeni tiwerengere limodzi. Piriyodi ya kusekondale ndi mphindi 40. Mu June ndi July, chisanu cha Mzuzu chikafika pachimake, kapena nthawi ya mvula yathu yosadziwa kukata ija, n'chapafupi kuti piriyodi yoyamba idyedwe ndi kuchedwa kwa aphunzitsi, asembule yaitali ndi kusesa. Sukulu imene imataya piriyodi imodzi tsiku lililonse yataya mphindi 200 pa sabata, maola oposa 40 pa teremu ya masabata 13, maola pafupifupi 130 pa chaka. Kuchokera Fomu 1 mpaka Fomu 4, mwanayo waberedwa maola oposa 500, kuposa teremu yathunthu ya maphunziro. Apa sitinawerengere Lachisanu masana, masiku a malipiro pamene theka la sitafu lili pamzere kubanki, ndi sabata yoyamba ya teremu imene m'sukulu zina imangothera kutchetcha udzu. Mwana wa munthu wopeza bwino adzabweza maola amenewa ndi maphunziro olipira a madzulo. Mwana wa mayi wogulitsa tomato sadzawabweza. Apa m'pamene utsogoleri wa sukulu umasandukira nkhani ya chilungamo, chifukwa kulekerera kwa ahedi sikulanga ana onse mofanana, kumagwera osauka. Ahedi amene amafika belu lisanalire, amazungulira m'makalasi piriyodi yoyamba, amayang'ana buku losainira aphunzitsi ndi kufunsa mwaulemu amene wajomba, sanawononge ngakhale tambala ya boma.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi yakuti wophunzitsa mwana ndi mphunzitsi wa m'kalasi, osati ahedi amene amakhala mu ofesi ndi mafomu ndi chidindo. Izi n'zoona, ndipo ngakhale akatswiri ofufuza za utsogoleri wa sukulu, monga Kenneth Leithwood wa ku Canada ndi anzake, amaika kaphunzitsidwe ka m'kalasi patsogolo. Koma akatswiri omwewo amati pa zinthu zonse za pasukulu zimene zimakhudza kuphunzira kwa mwana, chachiwiri kwa kaphunzitsidwe ndi utsogoleri, ndipo mphamvu yake imakula pamene mavuto achuluka. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Amagawa makalasi ndani? Pitani kupulayimale zambiri mukaone: mphunzitsi wakhama kwambiri ali ku Sitandade 8, chifukwa n'kumene kumachokera dzina la sukulu, pamene Sitandade 1 ndi 2, kumene ana amathithikana pansi nthawi zina oposa 100, kwapatsidwa amene akudikira kupuma pantchito kapena amene wangofika kumene kuchokera kusukulu ya uphunzitsi (TTC). Chisankho chimenechi sichichokera ku Lilongwe, ndi cha ahedi. Ndipo muno mu Mzuzu chili ndi mtengo wapadera. M'kalasi imodzi ya Sitandade 1 muli mwana wa m'nyumba ya Chitumbuka, wa Chitonga, wa Chinkhonde, wa Chilambya ndi wa Chichewa, pamene mabuku ophunzirira kuwerenga amene anabwera ndi National Reading Programme mu 2016 ali m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Ife amene timalankhula Chichewa m'nyumba zathu sitiliona msanga vutoli, chifukwa ana athu amapeza chilankhulo chawo chili pabolodi. Mnzawo amene wangochokera ku Chitipa kapena kumudzi ku Rumphi ayenera kuphunzira chilankhulo ndi kuwerenga nthawi imodzi. Ahedi oganiza amaika m'kalasi imeneyo mphunzitsi woleza mtima, wodziwa Chitumbuka, amene angamuwolotse mwanayo. Ahedi osaganiza amangodzaza mabokosi a thayimutebulo, ndipo mwanayo amabwereza Sitandade 1, kenaka Sitandade 3, mpaka atakula msinkhu n'kuyamba kuchita manyazi kukhala pakati pa tiana.

Kuwonjezera apo, mphunzitsi wabwino sabadwa tsiku limene walandira pepala la uphunzitsi ku koleji ya Domasi, ya Nalikule kapena ku yunivesite ya Mzuzu. Amakula kapena kufota malinga ndi sukulu imene wagwera. Pali ahedi amene amasaina masikimu, mapulani a zimene mphunzitsi aphunzitse pa teremu, osawerenga, bola chidindo chagwa kuti alangizi akabwera asapeze chonena. Pali ena amene amalowa m'kalasi, kukhala kumbuyo pa benchi ya ana, kumvetsera piriyodi yonse, kenaka n'kucheza ndi mphunzitsiyo paokha za pamene ana anasokonekera. Amatsegula makope a ana atatu kuti aone tsiku lomaliza limene anachongedwa. Aphunzitsi amang'ung'udza poyamba, koma ambiri amafuna kugwira ntchito pamalo pamene khama limaonedwa. Tisaiwalenso za open. Masana sukulu zambiri za boma zimalandira ophunzira olipira, ndipo aphunzitsi amapezapo kangachepe kamene akukafunadi, poona mmene malipiro akufupikira pamsika. Sindikutsutsa zimenezo. Koma pamene ahedi sayang'anira, mphamvu za mphunzitsi zimasungidwira masana, ana a m'mawa n'kumangosiyiridwa notsi zoti akopere.

Mfundo yachitatu ndiyo imene ahedi eni ake amanena, ndipo imandimvetsa chisoni. Amati mukutiimba mlandu pa anthu amene sitinawalembe ntchito ndipo sitingawachotse. Aphunzitsi amatumizidwa ndi ofesi ya maphunziro ya mzinda kapena ya Northern Education Division. Kukwezedwa pantchito kumagamulidwa kutali, m'makomishoni a boma. Ndipo m'tauni muno muli aphunzitsi ena amene achibale awo ndi akuluakulu m'maofesi, moti kuwalembera kalata yochenjeza n'kudziputira wekha kusamutsidwa. Ena mwa ahediwa atha zaka akungogwirizira mpando, giredi yawo ili yofanana ndi ya anthu amene akuyenera kuwalamula. Mutu umodzi susenza denga, amatero. Zonsezi n'zoona, koma akuluakulu omwewo anatinso mutu ukakula sulewa nkhonya. Tione kumene mfundoyi ikutifikitsa. Ngati vuto ndi lakuti ahedi alibe mphamvu, yankho lake ndi kuwapatsa mphamvuzo, osati kuvomereza kuti udindowo ndi wachabe. Lipoti la ahedi pa mphunzitsi lizimveka pa nthawi yokweza anthu. Ahedi akalemba kuti wakutiwakuti wajomba masiku 20 popanda chifukwa, ofesi iyankhe mwezi usanathe. Wogwirizira mpando atsimikizidwe kapena alowedwe m'malo. Ndipo munthu asamapatsidwe sukulu chifukwa chongokhalitsa pantchito. Kudziwa kuphunzitsa masamu n'kwina, kudziwa kutsogolera akuluakulu anzako 40, kusamala ndalama zotukulira sukulu za School Improvement Grant ndi kukhala pansi ndi komiti ya sukulu n'kwinanso. Zachiwirizi munthu aziphunzitsidwe asanakhale pampando, osati pa msonkhano wa masiku atatu kuhotela atalamula kale zaka zisanu.

Chitsanzo chili pafupi nafe, kungoti timachiwerenga molakwa. Kumpoto kuno timanyadira mbiri ya sukulu zamishoni kuyambira pamene Robert Laws anakhazikitsa sukulu ya ku Khondowe mu 1894, ndipo mpaka lero sukulu zingapo za Sinodi ya Livingstonia ndi za Dayosizi ya Mzuzu zimamveka pa zotsatira. Anthu amati ndi chifukwa cha mapemphero, ena amati ndi chifukwa zimatenga ana anzeru kale. Za ana anzeruzo n'zoona. Koma palinso china. Sukuluzi zili ndi mwini wake amene ali pafupi, amene ali ndi mawu pa munthu woti aziitsogolera, amene amamuitana kudzafotokoza zinthu zikatsika, ndiponso kumuikira kumbuyo akadedwa chifukwa chosunga mwambo. CDSS ilibe mwini wotere. Ahedi ake angathe kutha chaka chathunthu akufunsidwa za mafomu okhaokha, popanda ndi mmodzi yemwe wowafunsa chimene ana a Fomu 2 aphunzira.

Ngakhale zili choncho, sindivomera kuti ahedi a lero alibe mano. Mphamvu ali nazo, kungoti zimaonekera pa ofooka. Lamulo la maphunziro la 2013 limati pulayimale ndi yaulere ndiponso yokakamiza, ndipo unduna wakhala ukunena kuti mwana asabwezedwe chifukwa cha yunifolomu kapena ndalama ya chitukuko. Koma wosankha kuti mwana amene sanalipire ya mlonda akhale m'kalasi kapena abwerere kunyumba, kuti lipoti lake la mayeso alandire kapena amanidwe, ndi ahedi. Kuyambira mu 1993, Malawi ali ndi ndondomeko yolola mtsikana amene anatenga pakati kubwerera kusukulu akabereka. Pepalalo ndi limodzi dziko lonse. Koma pasukulu ina mtsikanayo amalandiridwa mwakachetechete, amayi a mother group atamutsatira kunyumba, aphunzitsi atachenjezedwa kuti asamamutche “mayi” m'kalasi. Pasukulu ina amauzidwa kuti malo adzaza, akayese ku open. Chimbudzi cha atsikana kukhala ndi chitseko ndi ndowa ya madzi, mwana wachialubino kapena wosamva bwino kukhala kutsogolo pafupi ndi bolodi, mphunzitsi wofunsira ana asukulu kutuliridwa kwa akuluakulu m'malo mongokambidwa kuseri: palibe chimodzi mwa izi chimene chimadikira bajeti ya ku nyumba ya malamulo. Amene amatha kubweza mwana pageti chifukwa cha nsapato asatiuze kuti alibe mphamvu.

Za amene amati vuto ndi makolo sindichedwapo. Inde, pali ana amene amagona ndi njala, pali amene amagulitsa mandasi ku depoti mpaka mdima. Koma sukulu ya boma inakhazikitsidwira ana amenewo. Kunena kuti sitingaphunzitse chifukwa ana ndi osauka n'chimodzimodzi chipatala kudandaula kuti chikungolandira odwala okhaokha.

Mfundo yomaliza ndiyo yoopsa kwambiri, ndipo ndiyo imandisiyanitsa ndi amene amangofuula kuti ahedi achotsedwe. Otsutsa amati mukamangirira ntchito ya munthu pa chiwerengero cha okhoza mayeso, munthuyo adzapeza njira yokometsera chiwerengerocho popanda kuphunzitsa bwino. Akunena zoona, ndipo njirazo tikuzidziwa. Mwana wofooka wa Sitandade 7 amauzidwa kuti abwereze, osati kuti athandizidwe, koma kuti asakaipitse dzina la sukulu pa PSLCE. Wa kusekondale amene sakuchita bwino amalangizidwa kuti akalembe ngati wa external, kuti kulephera kwake kusawerengedwe pasukulupo. Makolo amauzidwa mwaulemu kuti mwana wanuyu mwina angachite bwino kwina. Ndipo kumapeto kwa msewu umenewu kuli likasa. Tonse tikukumbukira 2020, pamene mayeso a MSCE anaimitsidwa ali mkati chifukwa mapepala anabedwa, ana osalakwa n'kukalembanso mu January 2021. Sindikunena kuti aphunzitsi aakulu ndiwo anaba mapepalawo. Ndikunena kuti dziko lopembedza chiwerengero limadzitsegulira lokha msika wa zinthu zotere. Tiyerekeze sukulu ziwiri zimene zinalandira ana 100 iliyonse mu Fomu 1. Yoyamba yataya 60 panjira, yalembetsa 40, onse akhoza, ndipo ikutamandidwa pa wailesi. Yachiwiri yasunga 95, akhoza 55, ndipo ikuoneka yolephera. Koma werengani bwino: yachiwiriyi ndiyo yatulutsa masatifiketi ambiri, ndipo ana ena 40 yawasunga pasukulu zaka zinayi m'malo mowasiyira ukwati ndi kabaza.

Choncho yankho silakuti tisiye kuwayeza ahedi, koma kuti tisinthe sikelo. Funso loyamba likhale ili: mwa ana amene analowa Fomu 1 zaka zinayi zapitazo, afika pa mayeso ndi angati, ndipo atsikana ndi angati? Kenaka tifunse kuti, poyerekeza ndi mmene anakhozera PSLCE, akwera kapena atsika? Izi sizifuna kafukufuku wodula. MANEB ili ndi zotsatira za mwana aliyense, za PSLCE, za JCE imene inabwereranso mu 2021, ndi za MSCE. Marejisitala ali m'makabati a sukulu iliyonse, ndipo unduna umatolera kale ziwerengero za sukulu chaka chilichonse. Chosowa ndi kufuna kuziika pamodzi ndi kuzimata pakhoma pamene kholo lingaziwerenge. CDSS iyerekezedwe ndi CDSS inzake, ndiponso ndi mmene inalili chaka chatha. Pa sikelo imeneyi tikhoza kudabwa. Ahedi ena a sukulu zotchuka angapezeke kuti akungodyera nzeru zimene ana anabwera nazo, pamene wina wa kumalire a mzinda, amene dzina lake silinamvekepo pa wailesi, ndiye akugwira ntchito yaikulu mu Mzuzu yense. Kupulayimale nako, mlangizi wa zoni asamangofunsa za Sitandade 8. Atenge ana khumi a Sitandade 2, awapatse ndime yaifupi awerenge, ndipo zimene wamvazo zilowe m'lipoti la ahedi. Ife makolo tili ndi gawo lathu pa kupindika kwa sikeloyi. Misonkhano ya PTA imatha maola atatu tikukangana za mpanda, ndalama ya mlonda ndi amene anadya za simenti, nthawi n'kutha popanda wofunsa kuti ana angati asiya sukulu teremu ino ndipo ali kuti. Ahedi amaphunzira msanga chimene anthu amafunsa, ndipo amagwira ntchito pa chimenecho.

Tsono pakubwera nkhani imene ingakwiyitse anzanga ambiri a choko. Mwambo wathu ndi wakuti ahedi akachita bwino ku CDSS, mphotho yawo ndi kusamutsidwira kusukulu yaikulu, yogonera, ya nyumba yabwino. Akalakwitsa pasukulu yaikulu, chilango chawo ndi kuponyedwa ku CDSS yakutali. Mwanjira imeneyi ana amene akufunika utsogoleri wamphamvu kuposa onse ndiwo amalandira munthu wolangidwa. Wina anganene kuti kutumiza munthu wakhama kusukulu yopanda magetsi n'kumulanga chifukwa cha khama lake, ndipo tikamutumiza chimanjamanja ndi chilangodi. Koma boma linavomereza kale mfundo yake pamene linayamba kupereka alawansi kwa aphunzitsi a kumadera akumidzi: ntchito yovuta ilipidwe mosiyana. Chimodzimodzi, amene wavomera sukulu yakumchira apatsidwe giredi yokwera tsiku lomwe akulandira makiyi, nyumba pafupi ndi sukulu, mwayi wosankha wachiwiri wake, ndi zaka zinayi zosasamutsidwa, kuti aperekeze gulu limodzi la ana kuchokera Fomu 1 mpaka MSCE. Zaka zinayizo zikatha, ziwerengero za ana amene asungidwa ndi amene akwera ziikidwe patebulo, pamaso pa komiti ya sukulu ndi a ku Division. Amene wadzutsa sukulu akhale woyamba kuganiziridwa mipando ya ulangizi ikatseguka. Amene wapatsidwa zonsezi koma ana akungothothokabe abwerere m'kalasi akagwire choko, popanda kumuyalutsa, ndiponso popanda kumusamutsira kusukulu ina yosauka kuti akayambirenso pa ana ena.